Kalata Yokhomeredwa M'sofa

1. Dzina pa Msewu

Kamsomali anamva kuti ndi wakuba asanatsegule n'komwe chitseko cha shopu.

Anamuuza ndi Wailesi, mnzake wa saluni yoyandikana nayo, yemwe anamuchingamira pa msewu chipeso chili m'tsitsi, foni ataikweza m'mwamba.

"Mnzanga, watchuka! Koma kutchuka kwake n'kwa fisi. Taona apa."

Kamsomali anali mtsikana wamfupi, wakuthwa pakamwa, ndipo dzinali anamupatsa ndi anthu amene anawabayapo ndi mawu. Ankakonza mipando ndi masofa m'shopu ya amalume ake. Luso la singano ndi hamala anaphunzira kwa amalumewo, koma la foni anadziphunzitsa yekha. Mpando ukabwera, ankaimika foni pa chitini cha guluu n'kujambula kanema akuutsegula, kuti mwini wake aone zimene wakhala akukhalira. Mwiniyo akalola, kanemayo ankapita pa tsamba la shopu la pa intaneti. Anthu ankafunsa mafunso, iye n'kumawayankha mmodzimmodzi, ngakhale ofunsa zopusa. Tsambali ndi limene linadzutsa shopu imene inatsala pang'ono kufa.

Tsopano nkhope yake inali pa gulu la pa intaneti la anthu a m'deralo, ndipo pansi pake panalembedwa kuti:

"Chenjerani ndi kamtsikana aka. Ndinakapatsa sofa yanga yochokera kunja kuti kakonze pokhalira. Kachotsa siponji yanga yofewa, kaika yolimba ngati njerwa. Yangayo kagulitsa. Ndi kambava."

Olemba anali mayi wina amene aliyense ankangowatchula kuti Madamu, a nyumba ya geti lofiira, oyenda ndi ambulera ngakhale kopanda dzuwa.

Ndemanga zinali zitadutsa kale mazana awiri. Wina anati ankadziwa kale. Wina anati nkhope yakenso ikuchita kuonetsa. Koma imene inamulasa Kamsomali inali ya mwini lesitilanti ya pa mphambano, amene anayenera kubweretsa mipando makumi awiri mawa lake: "Zikomo potichenjeza. Ife tiyambe tadikira kaye."

"Yochokera kunja?" anakuwa Kamsomali mpaka wogulitsa nyuzipepala anacheuka. "Sofa imeneyo yochokera kunja? Kunja kwa chimbudzi kapena?"

2. Kanema

Analowa m'shopu, n'kukankha mpukutu wa nsalu ndi phazi, n'kutulutsa foni yake yosweka galasi.

"Bwera uone, Wailesi. Umboni ndili nawo."

Kanemayo anamuonetsa iye akuzula masitepulo kunsi kwa sofa ya Madamu. Atangokoka nsalu yapansi, panagwa envulopu imene wina anaikankhira m'kati kudzera pong'ambika. M'kanemamo Kamsomali anaitola akuseka, n'kutulutsa kalata, n'kuyamba kuiwerenga mokweza monga ankachitira ndi timapepala tonse topezeka m'mipando. Atawerenga mizere iwiri kuseka kunatha. Inali kalata ya ku kampani, youza amuna awo a Madamu kuti ntchito yawathera. Inalembedwa miyezi itatu yapitayo.

Anaiika pambali n'kupitiriza ntchito. Kenako zinayamba kutuluka: kasiponji kamodzi kopyapyala ngati lilime la mphaka, ndipo pansi pake makatoni, nsanza, ndi matumba akale a simenti. Koma kalata ija inali pomwepo pamwamba pa muluwo, yotsegula, dzina ndi chidindo zikuoneka mpaka kumapeto kwa kanema.

Wailesi anagwira pakamwa.

"Iii! Abambo aja? Omwe amadutsa pano m'mawa uliwonse atamanga tayi, chikwama kumanja?"

"Omwewo. Ndipo Madamu sakudziwa. Tsiku lobweretsa sofa anandiuza katatu kuti amuna awo atanganidwa ku ofesi."

"Ndiye ukudikira chiyani? Ponya! Ponya yense, osadula. Akuti ndiwe mbava? Anthu aone kuti Madamu amakhalira makatoni, ndipo bwana wawo amakawotha dzuwa ku depoti. Pofika masana iweyo ukhala mfumukazi."

"Makatoniwo anatengedwa ndi galimoto ya zinyalala," anatero Kamsomali, chala chikuyandikira pa foni. "Kanemayu ndiye umboni wokha umene ndatsala nawo."

"Ndiye ponya!"

"Aponye chiyani?"

Anali amalume ake, ataima pakhomo ndi njinga, mtolo wa siponji uli pa kaliyala.

3. Chenjezo la Malume

Amalume anaonera kanemayo mpaka kumapeto. Atatha anavula chipewa, n'kukhala pa mpando wopanda mwendo umodzi umene ankaudziwa kakhalidwe kake ndi iwo okha.

"Iwe Wailesi, kasitomala wako akupsa ndi mankhwala m'mutu. Pita."

Wailesi anatuluka, koma khutu analisiya pa khoma.

"Mwana wa mlongo wanga, tamvera," anayamba motero amalume. "Anthu amabweretsa kuno mipando, koma si mipando yokha imene imabwera. Mpando umadziwa za m'nyumba kuposa mlendo aliyense. Ine pa zaka makumi atatu ndatulutsa m'mipando mapilisi, makalata, mphete, zithunzi, ngakhale dzino la munthu. Dokotala amatsegula mimba, ife timatsegula mipando, ndipo tonse lamulo lathu ndi limodzi: chimene waona m'kati, chimathera m'maso mwako.

"Ndili mnyamata ndinaphwanya lamuloli kamodzi. Ndinapeza chithunzi m'mpando wa telala wina. Sindinachionetse kwa gulu ayi. Ndinangouza mnzanga mmodzi, tikumwa tiyi. Pasanathe mwezi banja la telala uja linatha. Ndipo ine? Zaka ziwiri anthu ankadutsa pakhomo panga atasenza mipando, kupita nayo kwa mmisiri wina wosoka mokhota ngati njira ya woledzera. Sankati sindidziwa ntchito. Ankati, 'Uyo amaona.' Imeneyo inali nthawi yopanda mafoni, mawu ankayenda wapansi. Lero ukaponya chinthuchi, pofika madzulo chafika kwa apongozi a bamboyo, kwa ana ake kusukulu, kwa aliyense amene akanamulemba ntchito. Ndipo sudzachibweza. Bamboyo wakulakwira chiyani? Wakutukwana ndi mkazi wake, iwe ukufuna kumenya mwamuna."

Kamsomali anayang'ana pansi, nsagwada zili gwa.

"Nanga nditani, Malume? Ndikhale chete anthu azinditcha mbava?"

"Vala bwino, upite kunyumba kwawo. Ugwade, upepese, uwauze kuti uwaikira siponji yofewa. Madamu akafewa afufuta zimene alembazo. Wamng'ono sapikisana ndi wamkulu pagulu. Fupa lokakamiza limaswa mphika."

Kamsomali anadzuka ngati wakhala pa singano.

"Ndipepese chiyani? Ndipepese kuti ndinachotsa matumba a simenti pansi pawo? Ayi, Malume. Za kalata ndamva, ndipo mwanena zoona. Sindiponya. Koma kugwada sindigwada. Iwo ali ndi geti, ali ndi galimoto. Ine ndili ndi dzina lokha, ndiye alitenge limenelonso chifukwa ndine wamng'ono? Ndikapepesa ndiye kuti ndavomera kuti ndinaba. Mawa winanso adzanena, mkuja winanso. Ndizingogwada mpaka mawondo atuluke zikang'a?"

"Mtima wakowu udzakupweteketsa."

"Undipweteke uli wanga."

4. Yankho

Kamsomali anakhala pa benchi, n'kulemba pansi pa uthenga wa Madamu. Analemba mawu oyamba, n'kufufuta chifukwa munali chitukwano. Analemba achiwiri, n'kufufutanso chifukwa munali ziwiri. Achitatu anawatumiza:

"Madamu, ndine mtsikana amene mwamutchulayo. Sindinabe siponji yanu. M'sofa yanu munali makatoni ndi nsanza, ndipo ndinaika siponji yatsopano yolimba chifukwa ndiyo imakhalitsa. Sindikutukwanani, komanso sindipepesa pa chimene sindinachite. Bweretsani sofayo ku shopu lero masana. Tiitsegule yonse pamaso pa anthu, ndipo ndionetsa pa tsamba langa zikuchitika. Ndikapezeka wolakwa, tsambali nditseka ndekha."

Sipanathe mphindi khumi, Madamu anayankha: "Ndikubwera. Ukonzeke."

Kamsomali anaonetsa amalume ake monyadira. Iwo anawerenga pang'onopang'ono, foni ataitalikitsa ndi maso.

"Walemba bwino, ndipo ulemu ulimo. Koma wati 'yonse'. Tandiuza, kalata ija unaipereka kwa ndani?"



Tsiku lokonza sofa lija amalume anali atapita kogula nsalu. Lamulo la shopu linali lakuti chopezeka mumpando chibwerere kwa mwini wake. Koma mwini wake anali ndani? Sofa anabweretsa ndi mkazi, kalata inali ya mwamuna. Atasowa chochita, Kamsomali anaibwezera pamene anaipeza, pansi pa pokhalira, n'kukhomerera nsalu yatsopano ndi masitepulo.

"Ili m'katimo," anatero ndi mawu otsika.

"Ndiye waitana mzinda wonse kuti udzaone chinthu chimene wangolonjeza kumene kuti subwera nacho poyera." Amalume anapukusa mutu. "Mwana iwe, foni imathamanga kuposa nzeru. Uthenga uziuwerenga ngati mmene umayezera nsalu: kawiri, usanadule."

"Ndifufute?"

"Anthu mazana awerenga kale. Ukafufuta ati wathawa."

Kamsomali anayenda uku ndi uku m'shopumo, akuponda tizidutswa ta siponji. Kenako anaima.

"Malume, Madamu anati ndikonze pokhalira pokha. Moika mikono ndi kotsamira sindinagwireko. Ngati opanga sofayo anaika makatoni pansi, m'mbalimo anaikamo chiyani?"

Amalume anamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anamwetulira pang'ono.

"Mmisiri waulesi sachita ulesi mbali imodzi. Ndipo masitepulo sanama. Ako ndi owala, a ku fakitale achita dzimbiri. Uyambe wawaonetsa amenewo usanang'ambe."

5. Sofa Pabwalo

Dzuwa lili paliwombo, galimoto yonyamula katundu inaima kutsogolo kwa shopu. Anthu anali atadzaza kale: ogulitsa mumsewu, makasitomala a Wailesi tsitsi lili theka, ndi ena ongomva kuti kuli zoonera. Sofa inatsitsidwa n'kuikidwa pakhonde. Madamu anatsika kutsogolo, ambulera ili m'manja.

"Ndi kameneka?" anafunsa ngati sanamuonepo.

"Ndine, Madamu. Mwaswera bwanji?"

"Usandipatse moni. Tsegula."

Kamsomali anaimika foni pa chitini cha guluu n'kuyamba kuonetsa pa tsamba. Oonera anakwera msangamsanga: makumi asanu, zana, mazana atatu.

Anagoneka sofayo chammbali mothandizidwa ndi amalume ake, n'kuyandikitsa foni.

"Onani masitepulo awa a pansi pa pokhalira. Akuwala. Ndi anga, ndinakhoma sabata yatha. Tsopano onani awa a moika mkono. Adzimbiri. Madamu, kodi mbali iyi munandiuza kuti ndigwire?"

"Ayi."

"Inatsegulidwapo chiigulireni?"

"Sinatsegulidwepo. Ili mmene inachokera kunja."

"Zikomo. Anthuni mwamva."

Analowetsa sikuludiraiva, n'kuzula masitepulo adzimbiriwo limodzi ndi limodzi. Atakoka nsalu, fumbi linatuluka. Analowetsa dzanja n'kutulutsa katoni yopindapinda. Kenako ina. Kenako mwendo wa thalauza. Pomaliza anasolola thumba la simenti n'kulitambasula kuti aliyense aone.

Msewu wonse unaphulika ndi phwete.

"Simenti yochokera kunja!" anakuwa Wailesi. "Madamu, mumakhalira maziko a nyumba!"

"Wailesi, tseka," anatero Kamsomali osaseka. "Madamu sanapange sofayi. Anawanamiza ndi amene anawagulitsa. Aliyense pano akhoza kunamizidwa choncho. Mukamagula sofa, muzidina m'mbali ndi chala. Ikamalira ngati pepala, thawani."

Pa foni ndemanga zinatembenuka ngati mphepo. Amene anati nkhope yake ikuchita kuonetsa tsopano anati ankadziwa kale kuti mtsikanayu ndi wachilungamo.

Koma Madamu nkhope inali itauma. Anagogoda pansi ndi ambulera.

"M'mbali si nkhani yanga. Ine ndadandaula za pokhalira. Unalemba wekha kuti titsegula yonse. Tsegula pamene unagwira ndi manja akowo, tione chimene unaikamo."

"Eya, atsegule!" anavomereza anthu. Mafoni oposa khumi anali m'mwamba.

Nthawi yomweyo pa foni ya Kamsomali panatulukira uthenga wa mwini lesitilanti: "Wachita bwino. Tsegulanso pokhalirapo tione siponji yako, mipando yanga ibwera m'mawa."

Kamsomali anauwerenga. Anayang'ana masitepulo ake owala. Kuseri kwa nsalu imeneyo, kutalika kwa chala chimodzi, kunali kalata ija.

Anaika sikuludiraiva pansi.

"Pokhalira sinditsegula pano."

6. Mafoni Atazima

Phokoso linasintha mtundu.

"Akubisa!"

"Ndinanena ine!"

"Iwe, wapenga?" ananong'ona Wailesi, akumukoka malaya. "Wawina kale. Ng'amba, kalatayo igwe yokha, iwe ulibe mlandu!"

Kamsomali anachotsa dzanja la mnzakeyo, n'kuyang'ana m'foni mwake molunjika.

"Tamverani nonse, a pano ndi a pa intaneti. Ndinalemba kuti titsegula yonse. Ndinalemba ndili ndi mkwiyo, ndipo pamenepo ndinalakwitsa. Pa zimenezo zokha ndikupepesa. Koma kuba sindinabe, ndipo umboni mwauona ndi maso anu. Pokhalira ndidzatsegula pamaso pa eni nyumba awiri, Madamu ndi amuna awo, m'kati mwa shopu, mafoni atazima. Amene akufuna kunditcha wobisa anditche. Mpando wanu ukadzabwera kuno, nanunso ndidzaukanira gulu chimodzimodzi."

"Ndiye mipando yanga isabwere?" analemba mwini lesitilanti.

Kamsomali anayankha ndi pakamwa, onse akumva.

"Bwana, mipando ndi yanu. Mukaifuna kuno, khomo ndi ili. Koma sindigula ntchito yanu ndi za m'nyumba ya munthu wina."

Oonera anali atafika mazana asanu ndi limodzi, chiwerengero chimene tsamba lake linali lisanachionepo. Anatambasula dzanja n'kuzimitsa.

Anthu anayamba kumwazikana akung'ung'udza, ena akuti ndi wamwano, ena akuti pali chimene akudziwa. Mwini lesitilanti sanalembenso kanthu. Amalume anatola makatoni aja n'kuwaunjika pakhoma, kenako anabwera n'kuima pambali pa mwana wa mlongo wawo, phewa ndi phewa.

"Mipando makumi awiri yapita," anatero chapansipansi.

"Ipite."

"Kugwada wakana, kuponya wakana. Mutu uwu unautenga kwa mayi ako." Anakhosomola. "Ndikanakhala ine ndikanagwada. Koma ndikanalakwitsa."

Madamu sanachoke. Anali ataima pomwe paja, akuyang'ana sofa, n'kuyang'ananso mtsikanayo. Ukali unali utachepa m'maso mwawo, koma munalowa china.

"Amuna anga akukhudzidwa bwanji ndi siponji?" anafunsa.

"Sofa ndi ya nonse awiri, Madamu."

"Usandizungulire, mtsikana. Muli chiyani m'menemo?"

"Ndanena kale. Abwere kaye abambo."

Madamu anapinda ambulera, n'kutulutsa foni m'chikwama. Anaimba kamodzi, kawiri.

"Foni yawo ndi yozima. Amazimitsa akakhala pa msonkhano." Anapukusa mapewa. "Palibe kanthu. Ndiimba nambala ya ku ofesi, akawatulutse. Nkhaniyi ithe lero."

"Madamu, dikirani kaye," anatero amalume, akupita patsogolo. "Madzulo si kutali."

Koma foni inali kale pa khutu.

"Halo? Eya, ndine mkazi wawo wa akauntanti wanu. Tawaitanani, ndi zachangu."

Anamvetsera. Kamsomali anaona dzanja logwira ambulera likumasuka pang'onopang'ono, mpaka ambulerayo inagwera m'fumbi.

"Mwati chiyani?" anafunsa Madamu, mawu atachepa ngati a mwana. "Kuyambira liti?"